Geni sinayambe dzulo kunyanja kuno

Mukamayala usipa, tomato kapena kaunjika pa Chinguluwe, ena amakuonani ngati anthu osowa chochita. Asakunamizeni. Dera la kunyanja lino linali la malonda mzungu asanaponde n'komwe.

Mukatsika ndi msewu wa M5 kuchoka pa Salima kulowera kummwera, mufika pa Mtakataka m'boma la Dedza. Chapafupi pomwepo pali Mankhamba, pamene panali likulu la Kalonga, mfumu ya Amaravi, kuyambira cha m'zaka za m'ma 1400.

Katswiri wofukula zakale, Dr Yusuf Juwayeyi, adakumba pamalopa. Zimene adapeza n'zodabwitsa: mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja yamchere, zibenthu za mbale za ku China, mkuwa, zitsulo ndi minyanga ya njovu. Tangoganizani, mbale ya ku China kufika pa Mtakataka kulibe lole, kulibe sitima yapamtunda! Katundu ankayenda pamutu.

Nanga makolowo ankagula ndi chiyani? Minyanga, makasu osula okha, ndi nsalu za thonje zoomba pamanja zotchedwa machila, zimene zinkafunidwa mpaka ku Zambezi. Ndiye mlimi wa thonje wa kuno asadziyese mlendo pa ntchitoyi. Ndi ya agogo ake.

Koma si malonda onse anali abwino. Cha m'ma 1840 Jumbe adakhazikika ku Nkhotakota n'kumaolotsa akapolo panyanja. Munthu adasanduka katundu, midzi idapasuka, ndipo pofika m'ma 1860 ufumu wa Kalonga unali utatha mphamvu.

Tauni ya Salima idadzakula chifukwa cha njanji, imene idafika mu 1935. Apa malonda adatsata siteshoni, Mankhamba n'kuiwalika.

Funso ndi ili: ndi ana angati a pa Chinguluwe amene adamvapo dzina loti Mankhamba? Alendo amadutsa ulendo wa ku Senga Bay kapena ku Mua, kumene kuli mishoni ya mu 1902 ndi malo osungira zachikhalidwe a Kungoni, koma za likulu la Amaravi palibe amawauza. Akadamaima, bwenzi wogulitsa mphasa, mbiya ndi chambo chootcha akupha makwacha.

Tsono mukamalima n'kufukula mapale kapena mikanda yakale, musataye kudzala ndipo musagulitse kwa wodutsa. Kauzeni amfumu. Ndi malisiti a geni ya makolo anu amenewo.