Mau a Cingelezi a pa mapulani a madenga ayenera kumveka bwino ku Mambwe

Anthu amene akumanga nyumba ndi masitolo ku Mfuwe ndi madera ena a boma la Mambwe amalandira mapulani olembedwa m'Cingelezi. Lamulo la Urban and Regional Planning Act la caka ca 2015 ndilo limatsogolera makhonsolo povomereza mapulaniwa, koma mwini nyumba amene sadziwa mau ofotokoza denga angathe kulipira denga losayenera cigwa ca Luangwa.

Pa pulani, truss ndi matabwa olumikizidwa m'ngodya zitatu amene amasenza denga lonse, ndipo purlins ndi mitengo yopingasa yokhomerapo malata. Gable roof ndi denga lotsetsereka mbali ziwiri, pomwe hip roof limatsetsereka mbali zinai ndipo silisasuka msanga ndi mphepo yamkuntho.

Mau ofunika koposa ndi pitch, kutanthauza kupendekeka kwa denga. Madenga a udzu, onga a malo ogona alendo pafupi ndi South Luangwa National Park, amafuna madigiri 45 kuti mvula izitsika udzu usanaole. Madenga afulati ooneka ku Lusaka amabisika kuseri kwa kacipupa kochedwa parapet, ndipo amadontha ngalande zake zikatsekeka ndi masamba.

Mu Okutobala, kutentha m'cigwaci kumapitirira madigiri 40. N'cifukwa cake eaves, mbali ya denga yotulukira kunja kwa cipupa, iyenera kukhala yaitali kuti ipereke mthunzi ndi kuteteza njerwa ku mvula.