MVULA IKALOWA M'GALIMOTO: KUKONZA MPHIRA YA GALASI LA KUTSOGOLO

Omvera amene anayendapo pa msewu wochokera ku Limbe, kudzera ku Thyolo ndi ku Luchenza mpaka ku Muloza, akudziwa kuti boma la Mulanje ndi mvula nzosalekana. Kumwera kwa phiri, madera ena amalandira mvula yopitirira mamilimita 2,000 pachaka, ndipo mvula yomweyi ndiyo yakhala ikulera tiyi kuyambira mu 1891 pamene Henry Brown anamubzala ku Thornwood. Dzinja likatha, pakati pa Meyi ndi Ogasiti, kumabweranso chiperoni ndi mvula yake yowaza. Kwa tiyi limeneli ndi dalitso, koma kwa mwini galimoto yakale ndi mayeso aakulu.

Magalimoto monga Peugeot 404, imene inayamba kupangidwa mu 1960, Peugeot 504 ya mu 1968, ndi tima Datsun tonyamula katundu, anagwira ntchito yaikulu m'dziko muno. Amene akali nawo amawasunga ngati chuma. Galasi la kutsogolo la magalimoto otere silinamatidwe ndi guluu monga mwa magalimoto a masiku ano. Limagwiridwa ndi mphira yochindikala, imene amakaniko amati labala, yokhala ndi ngalande ziwiri: ina mumalowa galasi, ina mumalowa mlomo wa chitsulo cha galimoto. Pakapita zaka, dzuwa limaumitsa mphirayi, imafota ndi kung'aluka, makamaka m'makona, ndipo madzi amapeza njira.

Ambiri amayesa kuti vuto lake ndi kunyowa kwa mawondo chabe. Ayi ndithu. Madzi akalowa kuseri kwa dashibodi amakhudza mawaya ndi mafyuzi, kotero kuti nyali kapena mawaipa angathe kufa usiku, mvula ili mkati. Chinyezi chotsalira pansi chimachititsa nkhungu pa galasi, ndipo woyendetsa saona bwino pa msewu wodzaza ndi njinga ndi ana a sukulu. Choopsa koposa ndi dzimbiri limene limadya mlomo wa chitsulo mobisika, pansi pa mphira. Mlomowo ukatha, galasi limatsala lopanda pogwira.

Ntchito yoyamba, tsono, ndiyo kupeza pamene madzi akulowera, pakuti pamene akudontha si nthawi zonse pamene alowera. Madzi amatha kuyenda m'ngalande ya mphira kuchokera kumwamba ndi kukatulukira pa kona ya m'munsi. Apa pafunika anthu awiri. Mmodzi akhale m'kati ndi tochi, mnzake athire madzi kunja ndi ketulo, pang'onopang'ono, kuyambira m'munsi, kenaka m'mbali, ndi kutsirizira kumwamba. Woyambira kumwamba amanyowetsa ponse nthawi imodzi, ndipo saphunzirapo kanthu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Nkoyenera kuyang'ananso pa tsinde la mawaipa ndi pa timabowo totulutsa madzi m'munsi mwa galasi, popeza masamba ndi matope zikatseka pamenepo, mphira imanamiziridwa mlandu umene si wake.

Ngati mphira ikali yofewa ndipo chitsulo chili bwino, mankhwala ake ngosavuta. Mwini galimoto atukule mlomo wa mphira ndi kamtengo kosema bwino, osati sikuludiraiva, achotse fumbi, ndipo adikire kuti paume ndithu. Kenaka afinyiremo phala lomatira magalasi a galimoto, la mtundu umene suuma gwa, pakati pa mphira ndi galasi, ndiponso pakati pa mphira ndi chitsulo. Chifukwa chake nchakuti galimoto ikamayenda m'misewu ya mabampu thupi lake limapindika pang'ono, ndipo chomatira chouma chimang'ambika msanga. Silikoni wa m'nyumba, uja wonunkha ngati viniga, ngosayenera konse, pakuti ali ndi asidi amene amafulumizitsa dzimbiri, ndipo pamene wapakidwa penti sagwira. Phula ndi matope a simenti zimangobisa bala, madzi nkumapitirira kugwira ntchito yawo pansi.

Koma ngati mphira yauma, kapena ngati penti wa m'mphepete mwake watupa ngati matuza, galasi liyenera kuchoka. Lamulo lake ndi ili: mphira yakale isadulidwe yatsopano isanapezeke ndi kuyerekezedwa, chifukwa ya galimoto yakale siipezeka pa sitolo iliyonse, ndipo kawirikawiri imachita kufunidwa ku Limbe kapena ku Blantyre. Ikapezeka, nkwabwino kudula mlomo wa yakaleyo ndi mpeni kusiyana ndi kukankha galasi mwamphamvu. Magalasi ambiri akale akasweka amayoyoka ngati mchere, pamene ena, okhala ndi pulasitiki pakati, amachita mng'alu akapanikizidwa pa malo amodzi. Galasi likachoka, ligonekedwe pa bulangete.

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni. Mlomo wa chitsulo upalidwe ndi bulashi ya waya ndi sandipepala mpaka uwale. Pamene pabooka, mmisiri wowotcherera aikepo chigamba ndi kusalaza bwino. Pambuyo pake papakidwe penti woletsa dzimbiri, ndipo aume kwathunthu. Mphira yatsopano yoikidwa pa dzimbiri ili ngati udzu watsopano pa denga la mitengo yofumbwa.

Kubwezera galasi kumafuna chingwe cholimba chochepa ngati chingwe choyanikira zovala. Mphira iothe dzuwa kuti ifewe, ndipo ivekedwe kuzungulira galasi. Chingwe chilowetsedwe m'ngalande ya chitsulo kuzungulira konse, nsonga zake ziwiri zipitirirane pakati cha m'munsi. Pa mphira papakidwe madzi a sopo. Girisi ndi oyilo ayi, chifukwa zimaononga mphira. Galasi likhazikidwe pa malo pake kuchokera kunja, nsonga za chingwe zili m'kati. Wa kunja asindikize ndi chikhatho chotambasula, pamene wa m'kati akukoka chingwe pang'onopang'ono cholozetsa pakati pa galasi, mbali ino pang'ono, mbali inayo pang'ono. Chingwe chikamatuluka chimakokera mlomo wa mphira pamwamba pa chitsulo. M'makona ndi mofunika kuleza mtima koposa. Ngati mphirayo ili ndi kamzere kotsekera pakati, kalowetsedwe pomalizira. Zonse zikatha, ketulo ija ibwerenso kudzachitira umboni.

Nyengo yabwino ya ntchitoyi ndi Seputembala ndi Okutobala, chiperoni chitapita, mvula ya Novembala isanayambe, pakuti chomatira ndi penti sizigwira pa chitsulo chonyowa. Amene sakudzidalira asachite manyazi kupita kwa mmisiri wodziwa. Mtengo wa mphira ndi ntchito ya tsiku limodzi ngochepa poyerekeza ndi galasi losweka kapena chitsulo chodyeka. Galimoto imene yanyamula chimanga, nanazi ndi odwala kwa zaka makumi anayi iyenera kulandira chisamaliro chimenechi, kuti mitambo ikadzakuta Sapitwa, woyendetsa adzaone njira yake bwino lomwe.