Ulendo wa pa Shire wautsa mkangano pa Kamwendo

Mu Okutobala 2025 zidakwana zaka 150 chilowereni Ilala, sitima yoyamba ya nthunzi, pa nyanja ya Malawi. Pa Kamwendo ku Mchinji padalibe woimba nthungululu. Kuno madzi odziwika ndi a Bua, mtsinje woyambira m'boma lomweli, ndipo bwato amalikumbukira dzinja likavuta pooloka. Komabe nkhani ya ulendo wa pamadzi yautsa mapiri pachigwa m'gulu lina la banki mkhonde.

Mwini nkhani ndi mayi wina wogulitsa mtedza m'mbali mwa msewu wa ku Lilongwe. Iye ndi anzake adasonkha ndalama, kuchita hayala minibasi, nanyamuka tambala woyamba atavala zitenje zofanana, ulendo wa ku Liwonde kudzera ku Dedza, Ntcheu ndi Balaka, kukakwera boti pa mtsinje wa Shire. Mayiyu adali asadakwerepo boti chibadwire. Akamafotokoza amaimirira, kusiya mtedza osauyang'anira. Akuti atamuveka jekete loyandamitsa adagwira thabwa la mpando ndi manja onse awiri, maso ali tsinzi. Adawatsegula injini itazimitsidwa, ndipo chapafupi mvuu idayasamula kukamwa konse. Mnzake wina adayambitsa nyimbo ya kutchalitchi, woyendetsa boti n'kuwapempha kuti atsitse mawu. Kenaka njovu zidatsikira kudzamwa pansi pa migwalangwa, ng'ona zili gone pamchenga ngati zipika. Kanema yemwe adajambula pafoni ndi wogwedera, theka lake mukuoneka chala chake, koma pamsika waonedwa mpaka batire kutha.

Pa boti pomwepo ndipo adamvera za sitima zakale za pa Shire, zoyendera nkhuni, zokhala ndi chigudumu chopalasa madzi kumbuyo. Zinkachokera ku Chinde, komwe Zambezi amathira m'nyanja ya mchere, kukwera mpaka ku Chiromo ndi kwa Katunga ku Chikwawa, pomwe mathithi ankazitsekereza. Njanji idazilanda katundu, makamaka mlatho wa Dona Ana utatsegulidwa mu 1935. Lero pa Shire sipayendanso ndi imodzi yomwe.

Mkangano uli pa ndalama. Amuna ena a amayiwa akuti ndalama za banki mkhonde n'za feteleza ndi fizi, ndipo kulipira kuti ukaone mvuu n'za azungu. Mwamuna wa mayi uja akuti adakhala masiku awiri osayankhula, akuwerengera matumba omwe akadagula. Amayiwo sakugonja. Akufunsa kuti za fodya zikamathera kumowa bwanji sipakhala msonkhano, nanga munthu wa ku London angaudziwe bwanji Shire kuposa mwini dziko. Bamboyo ali ndi mfundo, pakuti feteleza sakugulika. Koma zoti mtsinjewo ngwa azungu n'zosamveka: ndi mapewa a makolo athu omwe adasenza zidutswa za Ilala kulambalala mathithi mu 1875.

Tsopano gululo lagawikana. Ena akufuna ulendo wotsatira ukhale wa pa Ilala ya lero, yomwe idayamba kuyenda mu 1951, kuchoka ku Monkey Bay kudzera ku Likoma ndi Nkhata Bay. Ena akuti kamodzi kakwana.

Tikuchoka pa Kamwendo, ana adali m'ngalande ya m'mbali mwa msewu akuyandamitsa zigubu zodula pakati. Chimodzi adachimangirira chitsekero cha botolo kumbuyo.