KANSA YA KHOMO LA CIBALIRO: MAPILITSI OKHA SAKWANIRA

Mai wina wa m'komboni, wa ana asanu, anafika pa cipatala cathu ali ofooka kwambiri. Kwa caka cathunthu anali kutaya magazi akakhala malo amodzi ndi amuna ao. Anapita ku kiliniki katatu, ndipo ulendo uliwonse anapatsidwa mapilitsi a matenda opatsirana. Panalibe amene anawapima mkati. Ife titawapima, tinapeza kansa ya khomo la cibaliro itafalikira kale.

Ndiye cifukwa cace madokotala, makiliniko ofisa ndi anamwino a m'makiliniki afunika kuphunzitsidwa za kansa ya azimai, pakuti ndiwo amayamba kuona wodwala. Phunziro lalikulu ndi ili: mai akadandaula za magazi osadziwika bwino, muoneni khomo la cibaliro musanalembe mankhwala.

Kansa imeneyi imayamba ndi kacirombo ka HPV, kamene kamapatsirana pogonana. Kamagwira nchito mwakacetecete kwa zaka zambiri popanda ululu. Amai amene ali ndi HIV ndiwo ali pangozi yaikulu. Bungwe la WHO likuti mpata wao wodwala kansa imeneyi umaposa wa anzao kasanu ndi kamodzi.

Kupima sikuvuta. Mu 2006, makiliniki a mu Lusaka anayamba kupima ndi viniga. Namwino amapaka viniga pa khomo la cibaliro, ndipo malo odwala amayera. Ngati malowo ndi ang'ono, amacizidwa tsiku lomwelo asanasanduke kansa. Ngati ndi akulu, mai amatumizidwa ku cipatala cacikulu, ndipo ofunika cithandizo capadera amapita ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka. Mu 2019 boma linayambitsanso katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 14 m'dziko lonse.

Amai, thamangirani ku kiliniki mukaona izi: magazi pambuyo pogonana, magazi pakati pa mwezi, kapena madzi onunkha osatha. Agogo amene analeka kusamba akayambanso kutaya magazi, musanene kuti abwerera utsikana. Cingakhale cizindikiro ca kansa ya m'cibaliro. Mimba ikamatupa ndi kukhuta msanga kwa milungu yambiri, mazira a mai afunika kupimidwa.

Mukamwa mankhwala koma osaona kusintha, bwererani ndi kupempha mwaulemu kuti akupimeni mkati. Musacite manyazi. Inunso abambo, aperekezeni akazi anu, ndipo musawaletse ndalama ya basi.