Chifukwa chake galimoto imalowa bwino pothina ikamabwerera chammbuyo

Pa Mulanje Mission pali chipatala, koleji ya anamwino ndi azamba, masukulu, tchalitchi ndi nyumba za ogwira ntchito, zonse pansi pa CCAP Sinodi ya Blantyre. Monga zilili m'mamishoni ena akale, kuphatikizapo Malamulo ku Thyolo, amene anayala maziko ankaganizira anthu obwera wapansi kapena panjinga. Lero pamalo ngati amenewa pamafika maambulasi, malole a katundu, timagalimoto ta abale odzazonda matenda ndi njinga zamoto za kabaza. Koma mpata wa pakati pa mtengo, ngalande ndi khonde sunakule nawo.

Mukaima pamalo othina chotere n'kumayang'ana, muona madalaivala a mitundu iwiri. Wina amangolowetsa mutu wa galimoto pampata, n'kuyamba kubwerera, kulowanso, kubwereranso, mapeto ake galimoto n'kuima chopingasa. Wina amayamba wapitirira mpatawo pang'ono, n'kulowa chammbuyo kamodzi kokha. Ambiri timati wachiwiriyu ndi wamatama. Si matama ayi. Iye wasandutsa galimoto yake kukhala yowongolera ndi matayala akumbuyo, ndipo pamalo othina galimoto yotere ndi imene imapambana.

Kuti zimveke, tiyambe ndi njinga yakapalasa. Idutsitseni pamadzi kuti matayala anyowe, kenako muikankhe pasimenti youma mukukhota. Mizere ituluka iwiri. Tayala lakutsogolo lajambula uta waukulu, lakumbuyo lajambula uta waung'ono m'kati mwake. Lakumbuyolo silinaponde m'mapazi a mnzake, ladulira njira. Mphunzitsi wa masamu amene akusowa chitsanzo cha mizere yozungulira sangapeze chotchipa kuposa chimenechi.

Galimoto imachita chimodzimodzi. Ikamakhota imakhala ikuzungulira kadontho kena kosaoneka, ngati mmene pensulo ya pakampasi imazungulira pamene mwabaya singano. Chofunika kuchigwira ndi chakuti kadonthoko nthawi zonse kamakhala pamzere wowongoka wochokera pa matayala osakhota aja, akumbuyo, kulowera chammbali. Choncho matayala akumbuyo ndi amene ali pafupi ndi singano ndipo amasuntha pang'ono, pomwe mutu wa galimoto uli kutali ndipo umasesa malo aakulu. N'chifukwa chakenso tayala lakutsogolo la m'kati mwa kona limapindika kwambiri kuposa lakunja. Nzeru imeneyi ndi yakale kuposa galimoto. Georg Lankensperger, mmisiri wa ngolo zokokedwa ndi akavalo wa ku Munich, ndiye anaitulukira, ndipo Rudolph Ackermann anailembetsa ku England mu 1818. Mpaka lero amakaniko amaitchula ndi dzina la Ackermann, la mwini nzeruyo linaiwalika.

Zotsatira zake timaziona tsiku lililonse pamsewu wopita kumalire a Muloza. Lole yaitali ikafuna kukhotera kumanzere imayamba yatulukira kumanja, chifukwa dalaivala akudziwa kuti matayala akumbuyo adulira kona. Wakabaza amene waona mpata kumanzere kwa loleyo n'kulowapo walowa ndendende pamene matayalawo adutse. Galimoto ikatalika, kudulirako kumakulanso. Kagalimoto ngati Vitz kapena Passo kamatembenuka pamalo a mamita 9 kapena 10 mulifupi, pomwe Hilux imafuna oposa 12.

Tsopano ganizirani mpata wa pakati pa magalimoto awiri oima. Mukalowetsa mutu, matayala owongolera ndi amene alowa koyamba, ndipo akangolowa atsekeredwa: kumanja kuli galimoto, kumanzere kuli galimoto, alibenso poti n'kusesa. Mbuyo, yomwe siwongoleka payokha, yatsala panja itapendekeka, ndipo ikulondola modulira kona, molunjika bampala ya mnzanu. Koma mukalowa chammbuyo zinthu zimatembenuka. Matayala osakhota, amene safuna malo ambiri, ndi amene akulowa pothina. Owongolera atsala panja pamene pali danga, ndipo angathe kusesera uku ndi uku mpaka galimoto yonse italunjika.

Akatswiri opanga makina ogwira ntchito m'malo othina anaziona kale zimenezi. Chitsanzo chodziwika ndi forklift, kagalimoto ka mafoloko awiri kutsogolo kamene kamanyamula katundu m'mafakitale ndi m'nyumba zosungiramo katundu. Matumba a tiyi wochokera m'minda ya ku Mulanje ndi Thyolo akasanjidwa pamapaleti kuti apite kunja, ndi makina a mtundu umenewu amene amatha kuwakweza. Matayala ake akutsogolo, amene asenza katundu, sakhota. Amakhota ndi akumbuyo, ndipo amapindika kupitirira madigiri 70, pomwe a galimoto wamba amalekera pakati pa 30 ndi 40. Motero forklift imatembenuka pafupifupi pamalo pomwe yaimapo, mafoloko akusuntha pang'onopang'ono mpaka alunjike paleti. Makina akuluakulu okololera chimanga ndi tirigu nawonso amawongolera kumbuyo pachifukwa chomwechi.

Nanga pochita, zimayenda bwanji? Tinene kuti mpata uli kumanzere kwanu, pakati pa magalimoto awiri. Dutsani pang'onopang'ono mukuusuzumira, muone ngati mulibe mwala, chitsa, njinga kapena mwana. Pitirirani, kusiya danga lokwanira pakati pa inu ndi magalimoto oimawo, mpaka mbuyo yanu itadutsa mpatawo. Ikani giya ya rivesi, yambani kuyenda, n'kupinda chiwongolero kumanzere. Maso anu akhale pa tayala lakumbuyo lakumanzere kudzera pagalasi lam'mbali, chifukwa ndi limene likuzungulira ngodya ya galimoto ya mnzanu. Likangodutsa ngodyayo bwinobwino, chovuta chatha. Galimoto ikalunjika, wongolani chiwongolero n'kulowa.

Pali malo amodzi amene ophunzira amaiwala, ndipo ndi pamene galimoto zambiri zimakalika: ngodya yakutsogolo yakumanja. Pamene maso onse ali kumbuyo, mutu wa galimoto ukusesera kunja, mbali yosiyana ndi kumene mbuyo ikulowera. Ngati kumeneko kuli mtengo, chipilala cha khonde kapena munthu wokankha njinga, mudzamumenya musanamuone. Choncho maso azisinthana, kumbuyo, kutsogolo, kumbuyo.

Kuimika m'mbali mwa msewu, pakati pa galimoto yakutsogolo ndi yakumbuyo, kumatsata lamulo lomweli. Popeza kuno timayenda kumanzere, mumaima pambali pa galimoto yakutsogoloyo, kubwerera mutapinda kumanzere mpaka galimoto yanu itapendekeka ngati theka la ngodya ya buku, kuwongola pang'ono, kenako kupinda kumanja kuti mutu ulowe. Poyesa kulowetsa mutu koyamba mungafunike mpata wotalika kwambiri kuposa pamenepa. Ndipo pa zonsezi chiwongolero muzichipinda galimoto ikuyenda, ngakhale ikukwawa ngati kamba. Kuchipotokola itaima kumadya matayala ndi zitsulo zowongolera. Ku Mulanje, komwe mvula siisowa, muwonjezepo ichi: kapinga wa m'mphepete mwa ngalande amaoneka wolimba koma pansi pali matope, ndiye tayala lakumbuyo lisamafike m'mbali mwenimweni.

Funso lobwera lokha ndi lakuti, ngati kuwongolera kumbuyo kuli kwabwino chotere, bwanji magalimoto onse sanapangidwe choncho? Yankho ndi liwiro. Galimoto yowongolera kutsogolo imadziwongola yokha: mukamaliza kukhota n'kumasula manja pang'ono, chiwongolero chimabwerera pakati. Pobwerera chammbuyo sizitero. Mukachipinda pang'ono chimafuna kupindikirabe, ndipo liwiro likakwera galimoto imayamba kupepeluka ngati woledzera. Vuto lina ndi ili: galimoto yowongolera kumbuyo ikafuna kuthawa chinthu, mbuyo yake imayamba yasunthira ku chinthu chomwecho. Forklift yoyenda m'mbali mwa khoma ikati ikhotere kutali nalo, mbuyo imamenya khomalo, ndipo munthu woima pakati amapanikizika. Ilinso ndi chilema china. Ngakhale ili ndi matayala anayi, chitsulo chogwira matayala akumbuyo chinamangidwa pamalo amodzi pakati, choncho makina onse amakhala ngati mphika pa mafuwa atatu. Kukhota mothamanga katundu ali m'mwamba, imagubuduzika.

Anthu anayesapo ndithu kuika nzeruyi pamsewu. Mu 1933 Buckminster Fuller wa ku America anapanga galimoto yotchedwa Dymaxion, ya matayala atatu, lowongolera lili limodzi kumbuyo. Inkatembenuka pamalo ochepa modabwitsa, koma inkavuta kuigwira ikathamanga kapena kukawomba mphepo, ndipo anangopanga zitatu basi.

Njira imene inagwira ndi yowongolera matayala onse anayi, akumbuyo akungothandiza pang'ono. Makampani a ku Japan ndi amene anaifikitsa kwa ogula wamba: Nissan inaika njira yake yotchedwa HICAS pa Skyline mu 1985, ndipo Honda inatulutsa Prelude yowongolera matayala onse mu 1987. Pa Prelude imeneyi, mukapinda chiwongolero pang'ono, monga posintha mbali pamsewu waukulu, matayala akumbuyo ankaloza komwe aloza akutsogolo, ndi digiri imodzi ndi theka, kuti galimoto isagwedezeke. Mukachipinda kwambiri, monga poimika, ankaloza mbali yosiyana ndi madigiri pafupifupi 5. Akaloza mosiyana chonchi, kadontho kosaoneka kaja kamasendera kutsogolo ndi kufupi, ndipo galimoto yaitali imakhota ngati yaifupi. Magalimoto a masiku ano amachita zimenezi ndi kompyuta poyang'ana liwiro. Mercedes-Benz S-Class imene inatuluka mu 2020 ingathe kupinda matayala akumbuyo mpaka madigiri 10, zomwe zimachepetsa malo otembenukira ndi pafupifupi mamita 2.

Amene angayendetse galimoto yotere adziwe kuti zizolowezi zake zimunamiza. Mbuyo siidulira kona kwambiri monga anazolowera, ndiye akakhota msanga pobwerera adzapezeka walowa mopanikiza mbali imodzi. Ndipo akaimika mogundana ndi khoma kapena ngalande, potuluka asapinde chiwongolero chonse nthawi imodzi, chifukwa mbuyo idzasesera kukhomako ngati forklift. Kwa ine, luso limeneli ndi losiririka koma si loyamba kulifuna pamisewu yathu. Chilichonse chosuntha pansi pa galimoto chimakumana ndi maenje, fumbi ndi matope, ndipo chikawonongeka chimafuna zipangizo ndi makaniko amene sapezeka pa Chitakale kapena pa Luchenza. Popeza magalimoto ambiri amene timagula ndi ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan, wogula afunse ngati galimotoyo ili ndi zimenezi asanapereke ndalama.

Kulowa chammbuyo kuli ndi phindu lina losakhudza masamu, ndipo pamalo odzaza anthu ngati chipatala, sukulu kapena tchalitchi ndi limene limaposa onse. Galimoto iliyonse yoimikidwa pampata iyenera kubwerera chammbuyo kamodzi, kaya polowa kaya potuluka. Polowa mukubwerera pamalo opanda kanthu amene mwangowaona ndi maso anu. Potuluka mukubwerera m'njira momwe mukudutsa odwala oyenda ndi ndodo, amayi obereka ana, ophunzira oweruka kusukulu, ndipo magalimoto a m'mbali akukutchingirani. Kuseri kwa galimoto iliyonse kuli malo amene galasi lililonse silionetsa, ndipo pa galimoto yaitali msinkhu ngati Land Cruiser malowo ndi okwanira kubisa mwana wa zaka zitatu ataimirira. N'chifukwa chake makampani ambiri a migodi ndi mafuta amalamula antchito awo kuimika galimoto mutu utaloza kotulukira. Kwa ambulasi, kapena kwa aliyense amene angaitanidwe usiku kuti athamangitse wodwala, kutuluka chamtsogolo kumapulumutsanso nthawi.

Kamera yakumbuyo, imene timagalimoto tambiri timabwera nayo masiku ano, imathandiza, koma imaona kumbuyo kokha, siiona mutu ukusesa, ndipo nyengo yamvula kadiso kake kamamatidwa matope. Wothandiza weniweni akadali munthu woima panja. Vuto lathu ndi lakuti timathandiza tonse nthawi imodzi: anthu asanu, wina akuti "bwerani", wina "dulani", wina akumenya bodi, dalaivala osadziwa womvera. Wolondolera akhale mmodzi. Aime chammbali, kumene dalaivala akumuona pagalasi, osati kuseri kwenikweni kwa galimoto kapena pakati pa galimoto ndi khoma. Agwirizane chizindikiro choimitsa galimoto isanayambe kuyenda, ndipo chikhale cha dzanja, popeza mawu amamira m'phokoso la injini. Wolondolerayo akangosowa pagalasi, dalaivala aponde buleki mpaka amuonenso.