Kodi mumadziwa? Fupa la ntchafu likhoza kuthyoka munthu asanagwe

Fupa la ntchafu ndi lalitali komanso lolimba kwambiri m'thupi, n'chifukwa chake kawirikawiri limathyoka pa ngozi zazikulu, monga za galimoto kapena za kabaza wa njinga yamoto. Koma pali kuthyoka kwina kodabwitsa, kumene kumachitika munthu akungoyenda pakhomo.

Kumapezeka mwa anthu ochepa amene amwa kwa zaka zambiri mankhwala a matenda ofewetsa mafupa, monga alendronate, makamaka amayi amene anasiya kusamba. Mankhwalawa amachedwetsa ntchito ya thupi yochotsa fupa lakale, choncho timing'alu ting'onoting'ono sitikonzeka msanga. Mu 2010, bungwe la FDA ku America linachenjeza za vutoli.

Chizindikiro chake ndi kuphwanya kwa ntchafu kapena m'mphechepeche kwa masabata kapena miyezi, nthawi zina miyendo yonse iwiri.

Musasiye mankhwala mwa inu nokha, chifukwa amateteza mafupa ambiri kuposa amene amathyola. Ngati mwamwa zaka zisanu, kambiranani ndi dokotala. Ntchafu ikamaphwanya, pitani ku chipatala cha Kamuzu Central mukapemphe X-ray ya miyendo yonse iwiri.