Chofunika pa zitunda za misewu ya kumidzi ya ku Tete

Anthu a ku Chingodzi, dera la mzinda wa Tete lomwe lili pafupi ndi pamene mtsinje wa Revúbuè umathira mu Zambezi, mphamvu ya madzi amaidziwa bwino, popeza nyumba zawo zinamira mu Malichi 2019, ndipo mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula mlatho wa pa Revúbuè wopita ku Moatize. Komabe madzi omwewo amachita zoipa zina mwakachetechete kumtunda, m'misewu yadothi ya ku Angónia ndi Tsangano, kumene kumachokera mbatata ya kachewere ndi chimanga zodyetsa mzindawu.

Msewu wotere sumafa wonse nthawi imodzi, umafera pa chitunda. Pamene msewu ukukwera mamita oposa 6 pa mamita 100 alionse, madzi amvula amathamanga motsata mikwasa ya matayala, n'kukokolola dothi ndi timiyala tomwe anathirapo, mpaka kusiya zigwembe zoti lole yodzaza matumba imangozungulitsa matayala pomwepo, anthu akuponyera nthambi ndi miyala pansi pake. Choncho akatswiri amalangiza kulimbitsa malo ovuta okhawo, m'malo mothira phula msewu wonse umene pamadutsa magalimoto ochepa patsiku.

Phula lopyapyala lotchedwa Otta seal, lomwe linayambira ku Norway m'zaka za m'ma 1960 ndipo limapangidwa pothira timiyala ta kukula kosiyanasiyana pa phula lofewa, ndi lotsika mtengo, koma pa chitunda chachikulu m'dera lotentha kupitirira madigiri 40 ngati Tete limafewa n'kukankhika ndi malole okwera pang'onopang'ono. Konkire saopa dzuwa, ndipo pofuna kusunga simenti amatha kuwaka mizere iwiri yokha yopondapo matayala, ngakhale kuti magalimoto amavutika kupatukirana. Njira yoyenera kuiganizira kwambiri ndi yoyala miyala yosema kapena njerwa za simenti zolowerana, zomwe m'Mozambique amazitcha pavê, chifukwa miyala imapezeka m'mapiri momwemo, ntchitoyo imagwiridwa ndi manja a anthu a m'mudzi, ndipo pakawonongeka amangozula pamalopo n'kuyalanso.

Zonsezi sizikhalitsa popanda ngalande zowaka m'mbali ndi makalavati otaya madzi kutali ndi msewu. Bungwe la ANE, loyang'anira misewu m'dzikolo, pamodzi ndi maboma a m'zigawo, ayenera kuyamba ndi ngalandezo mvula ya Disembala isanagwe.